Kulimbitsa mlatho wakale osaononga nkhope yake

Mlatho wa Colorado Street, mumzinda wa Pasadena ku California, unamangidwa mu 1913. Ndi wakonkire, ndipo umatsamira pa mizati yopindika ngati uta. Mu 1989, chivomerezi cha Loma Prieta chitagwetsa msewu wosanjikizana wa Cypress ku Oakland n'kupha anthu 42, akuluakulu anautseka mlathowu. Sanaugwetse. Anaulimbitsa, n'kuutsegulanso mu 1993.

Mlatho wa uta umasenza bwino katundu wochokera pamwamba, chifukwa konkire imalimba ikamapanikizika. Koma chivomerezi chimakankha cham'mbali, ndipo amisiri a nthawi yomwe mlatho wa ku Pasadena unkamangidwa ankaika zitsulo zochepa zomanga konkire m'chiuno. Pamenepo m'pomwe imang'alukira.

Vuto lina n'lofanana ndi katungwe. Mukamamukankha mwana pa nthawi yoyenera, ngakhale pang'onopang'ono, amafika kutali. Mlatho uliwonse ulinso ndi kagwedezekedwe kake, ndipo nthaka ikagwedezeka mogwirizana nako, kugwedezekako kumangokulirakulira.

Imodzi mwa njira zomwe mainjiniya amaunika ndi tuned mass damper. Ichi ndi chitsulo cholemera chokhazikidwa pa masipuling'i, chotcheredwa kuti chizitsalira m'mbuyo mlatho ukamasuntha, n'kumaukoka kuti ubwerere. Mphamvu yomwe chalanda imathera m'mapampu a mafuta, ngati mashokabuzoba a galimoto. Nyumba yosanja ya Taipei 101 ili ndi chimpira chachitsulo cholemera matani 660 chogwira ntchito yomweyi. Mlatho wa Millennium ku London, womwe unatsekedwa mu June 2000 utagwedezeka ndi mapazi a oyenda pansi, unaikidwa zitsulo zotere 52 pamodzi ndi mapampu 37, n'kutsegulidwanso mu 2002.

Ku mlatho wakale, ubwino wake ndi wakuti chitsulochi chitha kubisika kunsi, maonekedwe akale osasintha. Komabe chili ndi malire. Chimatcheredwa ku kagwedezekedwe kamodzi, pomwe chivomerezi chimabwera mwadzidzidzi ndi mitundu yambiri, ndipo konkire ikang'aluka, kagwedezekedwe ka mlatho kamasinthanso. N'chifukwa chake sichingalowe m'malo mwa kuveka mizati zitsulo, kulimbitsa maziko ndi kumangirira mfundo za mlatho.

Kwa ife okhala m'chigwa cha Rift Valley, omwe tikukumbukira zivomerezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009, phunziro lagona pa zomwe anachita a ku Pasadena: anauyeza ndi kuukonza mlatho wawo udakali chiimire.