Kodi Mumadziwa? Makhadi 7, Magulu Awiri

Kodi mumadziwa kuti pali mtundu wa poker umene munthu angaluze ali ndi makhadi abwino, chifukwa chongowagawa molakwika? Dzina lake ndi Pai Gow Poker. Anauyambitsa ndi Sam Torosian ku California mu 1985, potengera masewera akale a madomino a ku China.

Amasewera ndi makhadi 53, kuphatikizapo joka mmodzi. Aliyense amalandira makhadi 7 n'kuwagawa pawiri: asanu kumbuyo, awiri kutsogolo. Gulu la asanulo liyenera kuposa la awiri mphamvu, apo ayi ndalama zapita. Kuti mupambane, magulu onse awiri agonjetse a wogawa makhadi. Likapambana limodzi lokha, palibe wadya mnzake.

Nzeru yagona pa kagawidweko. Ngati palibe makhadi ofanana, khadi lalikulu kwambiri lipite kumbuyo, awiri otsatira kutsogolo. Peya ikakhala imodzi, ikhale kumbuyo. Zikakhala ziwiri m'pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa mtima umafuna kuziunjika pamodzi. Komatu nthawi zambiri ndi bwino kuzipatula, yaing'ono kutsogolo, pokhapokha zonse zili zazing'ono ndipo muli ndi Ace woteteza kutsogoloko. Zikakhala zitatu, yaikulu kwambiri ndiyo imapita kutsogolo!

Ngakhale mugawe mwaluso chotani, kasino ndiye amakhalabe pabwino. Gulu lanu likafanana ndendende ndi la wogawa, wapambana ndi iyeyo, ndipo makasino ambiri amadula 5 peresenti pa ndalama zimene mwawina.