Wa ku Mzuzu akafuna kuona sitima, ayende mpaka kuti?

Mawu akuti sitima ali ndi matanthauzo awiri m'dziko muno, ndipo limene munthu amamva limatengera kumene adakulira. Mwana wa ku Balaka akamva kuti sitima ikubwera amayang'ana kunjanji. Wa ku Nkhata Bay, Usisya kaya Chilumba amathamangira kunyanja kukachingamira Ilala. Nanga wa kuno ku Mzuzu? Ameneyo amangoyang'ana chithunzi m'buku la jogalafe, poti mzinda wathu uno, wachitatu kukula m'Malawi, wa anthu opitirira 220,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ulibe njanji ngakhale yotalika ngati mkono. Chigawo chonse cha kumpoto, kuyambira pa Jenda mpaka ku Chitipa, nkhani yake ndi yomweyo.

Ndikulemba izi poganizira anthu amitundu iwiri. Oyamba ndi inu ana asukulu amene mumaloweza za njira ya ku Nacala pokonzekera mayeso a MSCE, chonsecho bogi simudalionepo ndi maso. Achiwiri ndi inu a geni amene mumakwera basi ya usiku kukapikula katundu ku Limbe, n'kudutsa m'mbali mwa njanji kwa maola angapo muli mtulo, chikwama cha ndalama mutachipana pamimba. Kunjaku kuli anthu amene amawononga ndalama zambiri kubwera kuno kudzangojambula mitu yakale ya sitima, ife n'kumawaseka kuti alibe chochita. Koma ine ndaona kuti munthu akatsata njanji ya dziko lino ndi maso, kuona kumene idafika ndi kumene idalekezera, amadziwa chifukwa chimene thumba la simenti limakhalira lodula ku Mzuzu. Ndiye tsiku lina kwerani basi ya masana ya msewu wa kunyanja, mukhale kuwindo, ndikuuzeni poyang'ana.

Malo oyamba ali pafupi pompano, makilomita osakwana 50 kuchokera mumzinda uno, ndipo palibe njanji iliyonse. Ndikunena doko la Nkhata Bay. Sitima ya Ilala idapangidwa ku Scotland, idabwera ili zidutswazidutswa kudzera ku Beira, adailumikiza ku Monkey Bay, ndipo idayamba kuyenda mu 1951. Mwini wake anali kampani ya njanji ya Nyasaland Railways. Maganizo a atsamunda anali akuti njanji ikathera kunyanja, madzi ndiwo apitirize ulendo wa kumpoto. Tinene kuti gawo lathu la njanji lidali Ilala, ndi inzake ya Vipya imene idamira mu 1946 pafupi ndi Chitimba n'kupha anthu oposa 140. Mpaka m'zaka za m'ma 1990 sitima za panyanja zinali m'manja mwa a njanji.

Kuchoka apo, dekhani. Mudutsa Chintheche, Dwangwa ndi minda yake ya nzimbe, Nkhotakota, osaona kanthu koma mathiraki okhaokha. Mukayenda makilomita opitirira 300 ndi pamene mukumane ndi zitsulo ziwiri zogona pansi, pa Salima. Njanji idafika pamenepa mu 1935 kuchokera ku Blantyre, ndipo kwa zaka zoposa 40 apa ndiye panali pothera. Tauni ya Salima idakula chifukwa cha siteshoni imeneyi. Taganizani kuti Mzuzu adayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung mu 1947, njanji itaima kale pa Salima zaka 12 m'mbuyomo. Itadzayambanso kuyenda m'nthawi ya Kamuzu, ndi chithandizo cha dziko la Canada, idakhotera kumadzulo. Idafika ku Lilongwe mu 1979, ku Mchinji mu 1980, ndipo kachigawo kotsala kolowa ku Chipata m'dziko la Zambia kadatsegulidwa mu 2010. N'chifukwa chake oyenda msewu wa M1 kudzera ku Kasungu amayamba kuiona njanji atafika pa Kanengo.

Mukakhala pa galimoto ya eni ake osati basi, imani pa Salima muyeze mpata wa pakati pa zitsulo ziwirizo. Ndi mamilimita 1,067, muyeso womwewo wa njanji za ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Kunena kwina, bogi lochoka ku Salima likhoza kukafika ku Joni popanda kusintha mawilo, bola njira ikhale yamoyo.

Kummwera pang'ono kwa Salima kuli Chipoka, ndipo apa ndi pamene ndimati aphunzitsi azibwera ndi ana. Ndi malo amene njanji imakumana ndi nyanja, pamene katundu ankatsika m'bogi n'kukwera sitima yapamadzi. Doko limeneli lidaonetsa kufunika kwake pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Pofika 1984 njira za ku Beira ndi ku Nacala, zimene zinkanyamula pafupifupi katundu yense wa dziko lino, zinali zitatsekeka. Fodya ndi tiyi zidayamba kuzungulira pa mathiraki mpaka ku Durban, mitengo ya zinthu n'kukwera. Pamenepo boma lidakumbukira kuti kumpoto kulinso khomo. Padakonzedwa njira yoti katundu azichoka ku Dar es Salaam pa njanji ya TAZARA mpaka ku Mbeya, pa msewu mpaka ku Chilumba, panyanja mpaka ku Chipoka, kenaka pa njanji kupita ku Blantyre. Madepoti a Malawi Cargo Centres a ku Mbeya ndi ku Dar es Salaam adabadwa m'nyengo imeneyo. Nkhondo itatha mu 1992, chidwi chidabwerera kummwera, ife n'kutsala ndi mathiraki athu a pa Chiweta.

Kuchoka pa Chipoka kukafika ku Balaka ndiye pokoma penipeni. Msewu ndi njanji zimayenda limodzi, pena kutalikirana, pena kudutsana, mapiri a Dedza ndi Ntcheu ali kudzanja lamanja. Yang'anani timasiteshoni ta Mtakataka, Golomoti, Sharpevale ndi Bilila, ndi timilatho tambirimbiri ta pamitsinje yotsika m'mapiri. Timilathoto ndi timene timavutitsa njira imeneyi. Mvula ikagwa kumtunda, madzi amabwera ndi ukali. Mu 2003 mlatho wa pa Rivirivi, kufupi ndi Balaka, udakokoloka, ndipo Lilongwe adakhala zaka ziwiri osaona sitima yochokera kummwera. Mlatho umodzi wokha, likulu la dziko n'kusanduka ngati Mzuzu!

Pa Balaka tsikani mugule chakudya, koma muponyenso maso kusiteshoni, imene ili pakati penipeni pa tauni. Kwa zaka zambiri sitima ya anthu yakhala ikulumikiza Limbe, Balaka ndi Nayuchi, ndipo amayi a geni a kumeneko amaidziwa bwino chifukwa imalowa m'midzi imene minibasi siifika. Wofuna kukwera ayambe wafunsa tsiku kwa a pasiteshoni, paja safunsa adadya phula. Kummwera kwa Balaka kuli Nkaya, mphambano ya njanji. Apa ndi pamene mu 1970 padayambira njira yopita kummawa, yowoloka Shire pa Liwonde n'kukatulukira pa Nayuchi kulowera ku doko la Nacala. Amene basi yawo idzere ku Zomba auona mlatho wa njanjiwo akamawoloka pa Liwonde.

Amene mudzere ku Zalewa, khalani maso pakati pa Chingeni ndi Zalewa, pamene njanji yatsopano imadutsa msewu. Imeneyi idamangidwa ndi kampani ya ku Brazil ya Vale kuti izinyamula malasha kuchokera ku Moatize, m'chigawo cha Tete, kupita ku doko la Nacala-a-Velha, ulendo wa makilomita 912. Idaboola Chikwawa, Mwanza ndi Neno n'kudzalumikizana ndi yakale pa Nkaya, ndipo adaitsegulira mwamwambo mu 2017. Mu 2022 a Vale adagulitsa mgodi ndi njanji yomwe kwa kampani ya Vulcan. Mukachita mwayi sitima ya malasha n'kudutsa, werengani mabogi. Mupitirira 100, khosi litatopa. Kenaka muwerenge kuti pangafunike mathiraki angati kunyamula katundu yemweyo, mafuta angati, matayala angati, madalaivala angati ogona m'njira. Samu imeneyo ndi imene wogula wa ku Mataifa kaya ku Zigwagwa amalipira tsiku ndi tsiku osadziwa.

Njanji yatsopanoyi ikutiphunzitsanso kanthu kena. Pamene padapezeka katundu wolemera woti apite kunyanja yamchere, ndalama zoboolera mapiri a Neno zidapezeka msangamsanga. Ndi mmenenso zidalili pachiyambi. Kampani ya Shire Highlands Railway idamanga njanji yoyamba kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, kudzera ku Chiromo, n'kufika ku Blantyre mu 1908, chifukwa azungu a minda ya kumapiri a Shire ankafuna potulutsira thonje, fodya ndi tiyi, pomwe mtsinje wa Shire unkaphwa n'kumalepheretsa sitima zapamadzi. Kumpoto atsamunda ankakuona ngati nkhokwe ya anthu aganyu. Agogo athu a ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay adaidziwa sitima ali pa ulendo wa ku migodi ya ku Wankie ndi ku Joni, ena mpaka kusanduka matchona. Dzina la depoti ya mabasi ya Wenela ku Blantyre, imene ili moyandikana ndi siteshoni ya sitima, lidachokera ku bungwe lolemba anthu a kumigodi lija. Ngakhale ife amene yunivesite tidaisiyira panjira tidamvako za katswiri wa mbiri yakale Leroy Vail, amene mu 1975 adalemba kuti ngongole za njanji zimenezi zidasaukitsa Nyasaland, poti msonkho wa anthu wamba unkathera kubweza ngongolezo m'malo momanga sukulu ndi zipatala. Wa ku Rumphi adakhoma nawo msonkhowo, mluzu wa sitima osaumva.

Mukayandikira Blantyre njanji yakale ija ikupezaninso pa Lirangwe ndi pa Lunzu. Mumzindamo muli malo awiri oti musaphonye. Ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya pa Chichiri kuli mitu ya sitima yoyendera malasha ndi nthunzi, yoimikidwa panja, umodzi mwa iyo ndi Shamrock, wa m'gulu loyambirira la Shire Highlands Railway. Mnzake, Thistle, adausunga ku siteshoni ya Limbe. Mukaiona mudabwa kuchepa kwake, kuti kanthu kameneka ndi kamene kankakwera mapiri kuchokera ku Chiromo. Limbe yemweyo, kumene mumapikula katundu, adakula chifukwa cha likulu la njanji ndi fakitale ya fodya ya Imperial Tobacco. Mu 1999 boma lidapereka ntchito yoyendetsa sitima kwa kampani ya Central East African Railways, ndipo mbiri ya Malawi Railways monga ankaidziwira makolo athu idathera pamenepo.

Wolimba mtima atsike ku Chikwawa mpaka ku Bangula. Kumeneko akaona mmene njanji imafera. Madzi osefukira a 1997 adadula njira pa Chiromo, ndipo kuyambira pamenepo sitima ya ku Limbe siidafikenso ku Nsanje. Kutsogolo kwake, mutadutsa Marka n'kulowa m'Mozambique, kuli mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, pakati pa Mutarara ndi Sena, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka. Udatsegulidwa mu 1935, ndipo udamangidwa kwenikweni kuti katundu wa Nyasaland azifika ku Beira osatsitsidwa pamtsinje. M'zaka zaposachedwapa ntchito yokonzanso chigawo cha Marka ndi Bangula idayambika, ndipo mu 2024 sitima ya mafuta yochokera ku Beira idafika pa Marka, koyamba patapita zaka pafupifupi 40.

Inu opita ku Taifa muli ndi ulendo wanu wina. Mukawoloka Songwe n'kukwera mapiri a Tukuyu, pa Mbeya mukumana ndi TAZARA, njanji ya makilomita 1,860 yochoka ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi, imene dziko la China lidamanga pakati pa 1970 ndi 1975. Muyeso wake ndi womwe uja wa pa Salima. Mtunda wochoka ku Mzuzu kukafika ku Mbeya sukusiyana kwenikweni ndi wopita ku Salima. Tili pakati pa njanji ziwiri zofanana mpata, ngati munthu wogona ndi njala pakati pa nyumba ziwiri zophika.

Sindikunena kuti kumanga njanji m'mapiri a Viphya ndi Chiweta n'kophweka. N'kodula, ndipo njanji imafuna katundu wambiri wa tsiku ndi tsiku kuti idzilipire. Koma katundu alipo: matabwa a ku Chikangawa, malasha a ku Mchenga, mpunga wa ku Karonga, khofi, fodya, shuga wa ku Dwangwa, osaiwala mafuta amene amatsika pa Chiweta usiku ndi usana n'kumakumba msewu. Mu 2004 atsogoleri a Malawi, Tanzania, Zambia ndi Mozambique adasainirana pangano la njira ya ku Mtwara, yodzera panyanja pakati pa Mbamba Bay ndi Nkhata Bay. Ana obadwa chaka chimenecho lero ali ndi ana awo. Aphungu athu akabwera kudzapempha voti tiziwafunsa za zimenezi ndi manambala, atiuze mtengo wake, katundu wake ndi chaka chake, osati kungotivinitsa ndi malonjezo a pamsonkhano.

Mawu awiri kwa amene muyende ulendowu. Musaime pakati pa njanji pofuna chithunzi, chifukwa sitima yolemera siima ngati minibasi ikaona pasenjala. Ndipo pasiteshoni kaya pamlatho yambani mwapempha kwa alonda musanajambule. Chachiwiri n'cha inu ogula zitsulo zakutha. Wina akakubweretserani mabawuti ndi zitsulo zooneka kuti zazulidwa kunjanji, mukaneni. Zimene wazulazo n'za tonse, ndi ife a ku Mzuzu omwe, amene tikudikirabe kuti tsiku lina mwana wa ku Chibavi adzamve mluzu wa sitima ali pakhonde la kwawo.