Kodi mumadziwa? Golide wa ku Joni anabwera ndi mitsinje

Kodi mumadziwa kuti golide amene agogo athu ankakumba ku Joni pa nthawi ya Wenela anachita kukokoloka ndi madzi? Akatswiri ambiri a miyala amati zaka pafupifupi 2.9 biliyoni zapitazo, mitsinje inkaguga mapiri akale ndi kukatula mchenga, nsangalabwi ndi timibulu ta golide m'mbali mwa nyanja yaikulu, dera lomwe lero timati Witwatersrand. Golide ndi wolemera, choncho ankatsakamira pansi, mchenga wopepuka n'kumapitirira.

Mukautenga m'manja mwala wa m'migodi imeneyi, muona nsangalabwi zoyera, zosalala, zomatana ngati konkire. Golideyo musavutike kumufunafuna ndi maso: pa tani yathunthu pamatuluka magalamu ochepa chabe. Komabe pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a golide yense amene anthu akumbapo padziko linachokera kumeneku, chiyambire 1886 pamene mwalawu unapezeka pa famu ya Langlaagte.

Chodabwitsa kwambiri kwa ine ndi china. Pakati pa nsangalabwizo pali timibulu ta pyrite, mwala wonyezimira uja umene umapusitsa anthu kuti ndi golide, ndipo n'tobulungira, kusonyeza kuti natonso tinagubuduzika m'madzi. Lero pyrite sangayende mtunda wautali mumtsinje osachita dzimbiri n'kufumbutuka. Ndiye kuti nthawi imeneyo mumlengalenga munalibe okosijeni wokwanira kudya mwala. Panalibe mtengo, udzu, ngakhale nsomba.

Kodi mumadziwa kuti chiphalaphala cha pansi pa nthaka chinathandiza kusunga chumachi? Zaka pafupifupi 2.7 biliyoni zapitazo chinasefukira n'kukwirira miyala ya golide ija; ndicho miyala ya Ventersdorp. Kenako, zaka 2 biliyoni zapitazo, chimwala chochokera kumwamba chinagwa pa Vredefort n'kupinda nthaka ya m'chigawocho. Komabe si onse akatswiri amene amavomereza kuti golideyu anabwera ndi mitsinje: ena amati golideyo analowa pambuyo pake ndi madzi otentha odutsa m'ming'alu, ndipo mkanganowu sunathe.

Nanga kuya kwa migodiyi? Mgodi wa Mponeng, kufupi ndi Carletonville, watsika pafupifupi makilomita 4. Thanthwe la pansipo limatentha mpaka madigiri 60, moti amachita kutsitsirako madzi oundana kuti anthu athe kugwira ntchito.