Nambala Yokha Sikwanira Pogula Nsapato

Anthu ambiri okhala mu Kapata, Mchini ndi Nabvutika amagulira makolo ao a kumudzi, monga ku Tamanda, nsapato za salaula atangofunsa nambala. Zikafika, agogo amazibvala tsiku limodzi, m'mawa mwace abwerera ku mapatapata cifukwa zawapweteka.

Nambala imaonetsa kutalika kwa phazi, osati kukula kwace m'mbali. Phazi la munthu amene anakula akuyenda wopanda nsapato limakhala lotakata, zala zace zotalikirana. Ena fupa linatuluka pa cala cacikulu, ena mapazi amatupa, makamaka azimai apakati.

Njira yothandiza ndi iyi: mwini phazi aimirire pa katoni madzulo, pamene mapazi atupako ndi nchito ya tsiku lonse. Wina alembe mozungulira mapazi onse awiri, ndi kudula. Wogula apite kumsika ndi katoni ya phazi lokulirapo. Ikapindika m'kati mwa nsapato, ndiye kuti nsapatoyo yacepa. Patsogolo pa zala patsale malo a sentimita 1. Nsapato za zingwe ndi za cikopa cofewa ndizo zabwino, popeza zimamasulidwa phazi likatupa.

Odwala matenda a shuga asamale koposa. Mapazi ao amacita dzanzi, ndipo nsapato ingawaceke iwo osamva. Cilonda cotere cikalekereredwa cingadulitse mwendo. Aziyang'ana mapazi tsiku lililonse, ndi kukutumula nsapato asanabvale. Akaona thuza kapena cilonda, apite msanga ku kiliniki kapena ku Chipata Central Hospital.