Nkhadze, Khonje ndi Tembusha: Zomera Zosaopa Dzuwa la m'Cigwa

Pofika mwezi wa October dziko la Akunda limakhala litapsa. Ku Mfuwe ndi ku Masumba kutentha kumapitirira madigiri 40, mtsinje wa Lupande umasanduka mcenga, ndipo amai amafukula pansi kuti apeze madzi akumwa. Pa nyengo yotere palibe munthu wanzeru amene angataye cidebe ca madzi pothirira maluwa. Komabe m'midzi ya Mfumu Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya ndi Nsefu muli zomera zina zimene zimaima zobiriwira ngati kuti mvula inagwa dzulo. Zomerazi ndizo nkhadze, khonje ndi alovera, amene ambiri m'Zambia amamuchula kuti tembusha.

Cinsinsi cake ndi cakuti zimasunga madzi m'masamba ndi m'nthambi, monga mlambe usungira m'thunthu. Khonje ndi tembusha ali ndi nzeru inanso: timabowo ta m'masamba timene amapumira timatsekeka usana, ndi kutseguka usiku kunja kutazizira. Motero dzuwa limalephera kuwakamula.

Mdani wao weniweni ndi madzi. Ambiri amene amadandaula kuti tembusha wao wafa sanamuphe ndi ludzu ai, koma ndi cifundo. Dothi la makande la m'cigwa limagwira madzi m'dzinja, ndipo mizu ikakhala m'matope masiku owerengeka imaola. Masamba amafewa, nasanduka acikasu, ndipo tsinde limanunkha. Cifukwa cace mlimi ayenera kubzala pa nthumbira kapena pamalo okwera pamene madzi a January sadikha. Wofuna kubzala m'citini kapena mu mphika wakale ayambe waboola pansi, ndipo asakanize dothi ndi mcenga wa kumtsinje muyeso wofanana. Kuthirira kudikire kufikira dothi litaumiratu.

Tembusha savuta kucurukitsa, pakuti amabala ana m'mbali mwa tsinde. Mwana akakula kufika utali wa cikhatho, amdule ndi mpeni wakuthwa pamodzi ndi mizu yace, amuike pamthunzi masiku awiri kapena atatu kuti bala liume, ndipo pambuyo pace ambzale. Sabata yoyamba asamthirire. Apa ndipo pamene ambiri amalephera kuugwira mtima. Madzi oterera a m'kati mwa tsamba amaziziritsa pamene munthu wapsa pang'ono, koma madzi acikasu owawa a pansi pa khungu lace amatsegula m'mimba kwambiri, ndipo si oyenera kwa mai wapakati kapena mwana. Bala lalikuru malo ace ndi kucipatala.

Nkhadze ndiyo mpanda wa munthu wosauka. Mpanda wa mitengo ciswe cimautha pa zaka zowerengeka, pamene wa nkhadze umalimba ukamakalamba. Nthambi zokhwima, zotalika ngati mkono, azidule mvula iri pafupi, azigoneke pamthunzi sabata yathunthu, ndi kuzizika mothithikana pamzere. Zimagwira zokha popanda kuthirira. Mpanda wotere umachinga mbuzi ndi nkhumba, umacepetsa mphepo ndi fumbi, ndiponso umaonetsa malire kotero kuti ana sadzakangana makolo atapita. Njobvu zocokera ku paki ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa mu 1972, ndi nkhani ina. Wonena kuti nkhadze idzaziletsa kulowa m'munda akunamiza anzace.

Koma mkaka wa nkhadze ndi woopsa. Ukagwera pakhungu umaocha, ukalowa m'diso munthu angathe kukhala masiku osaona. Woidula aime kumene mphepo ikucokera, asagwire kumaso, ndipo akatha asambe m'manja ndi sopo. Ngozi ikacitika, diso alitsuke ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali, kenaka athamange naye ku kiliniki yapafupi kapena ku cipatala ca Kamoto. Nkhuni zace si zophikira, cifukwa utsi wace umalowa m'maso. Mwini khomo amene ali ndi ana ang'ono acita bwino kuika mpandawo kumunda, osati pabwalo posewerera.

Khonje ndi mlendo wa ku Mexico. Mu 1893 Mjeremani wina, Richard Hindorf, anaitanitsa mbeu 1,000 kucokera ku Florida, koma zimene zinafika zamoyo ku Tanganyika zinali 62 zokha. Pa zocepazo panacokera minda yaikuru ya khonje ya dziko limenelo. Khonje amacita maluwa kamodzi kokha pa moyo wace. Akatha zaka pakati pa 7 ndi 10 amaturutsa mlongoti wautali, ndipo maluwa akayoyoka pamlongotipo pamamera tiana tambirimbiri timene timagwa pansi, make nafa. Tianato atole, atifese pa nazale ya mcenga, ndipo tikakula atiokere kumalire kwa munda motalikirana phazi limodzi lalikuru. Masamba oyamba amadulidwa patapita zaka ziwiri kapena zitatu, kuyambira apansi, ndipo luzi lace limapota cingwe comangira denga, nkhokwe ndi mbuzi. Minga ya kunsonga kwa masamba oyang'ana kunjira aziidula msanga, isanalase mwana wopita kusukulu.