Mababu a fulu: zimene chifunga cha ku Ntchisi chinandiphunzitsa

Nditagula Probox yanga yochokera ku Japan, chinthu choyamba chimene anzanga anandinyozera chinali magetsi. Amati akuwala ngati nyali ya parafini. Ine, pofuna kuti ndisaoneke wachikale, ndinapita mu tawuni ya Lilongwe n'kugula mababu a LED, aja oyera mbee okhala ngati abuluu. Pabokosi panalembedwa ma lumen masauzande ambirimbiri. Mnyamata wogulitsa anangoti, "Biggie, awa mukayatsa usiku umasanduka masana." Anandiikira pomwepo, ine n'kulipira mosangalala.

Patatha milungu iwiri, mu July, tinapita ku chinkhoswe cha mchemwali wanga kumudzi, kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi. Zinthu zinatha mochedwa, ndipo tinanyamuka mdima utagwa kale. M'galimoto munali amayi, azakhali ndi mwana wa mlongo wanga atagona pamiyendo pawo. Titangoyamba kutsika mapiri, chifunga chinatipeza. Ndinayatsa fulu poganiza kuti tsopano mababu anga aonetsa ntchito yake. M'malo mwake kutsogolo kunangoima chikhoma choyera. Kuwala konse kumabwerera m'maso mwanga. Nditabweza pa dimu sizinasinthe kwenikweni, chifukwa kuwalako kumangomwazikana, kwina m'mitengo, kwina m'mwamba.

Lole ina yomwe imabwera kutsogolo inandithwanimitsira magetsi katatu. Ndinali pa dimu kale, koma dalaivalayo ankaganiza kuti ndamuyatsira fulu mwadala, ndiye naye anandibwezera yake. Kwa kanthawi sindinaone chilichonse. Lole itadutsa, ndinangomva amayi akukuwa, "Ngolo! Ngolo, mwanawe!" Ndinaponda mabuleki, galimoto n'kuima pafupi kwambiri ndi ngolo ya ng'ombe yodzaza matumba, pamwamba pake patakhala anyamata awiri. Palibe amene anavulala. Koma azakhali anayenda ulendo wonse wotsala akupemphera, ndipo amayi sanandilankhulenso mpaka pa Mponela, pomwe tinagona kwa amalume.

M'mawa amalume ananditengera kwa makaniko wina wachikulire pa Mponela pomwepo. Madalawo anatsegula boneti, kuchotsa babu limodzi n'kuliyang'ana uku akupukusa mutu. "Mwana wanga, galimoto imeneyi anaipangira H4. Mwaikamo chinthu chimene nyumba yake sikuchidziwa."

Anandifotokozera motere. Babu la halogen la H4 lili ndi timawaya tiwiri m'kati: kamodzi ka fulu ka mawati 60, kena ka dimu ka mawati 55, ndipo ka dimuko kali ndi kachitsulo kotchinga kuti kuwala kusapite m'maso mwa amene akubwera. Mbale yonyezimira ya kumbuyo kwa babu, imene amaitcha reflector, anaiumba kuti itole kuwala kochokera pamalo enieni pamene pali timawayato. LED yotchipa imatulutsa kuwala kuchokera pamalo ena, ndiye mbale ija imakuponya kulikonse. Ukaima kutsogolo kwa galimoto umaona ngati ndi moto, koma pamsewu, pamene pakufunika kuona, pamakhala zigamba za mdima.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwerenga ndi kufunsa, ndipo nazi zimene ndikanakonda wina akanandiuza ndisanawononge ndalama.

Choyamba, dziwani mtundu wa babu la galimoto yanu musanalowe m'shopu. Si galimoto zonse zimene zimagwiritsa ntchito babu limodzi pa fulu ndi dimu. Zina zili ndi mababu osiyana: fulu imakhala ndi lake, kawirikawiri HB3, lomwe limatchedwanso 9005, kapena H1, pomwe dimu imakhala H11 kapena H7. Nambala imalembedwa patsinde la babu lakale. Lichotseni, lijambuleni pafoni, kapena mupite nalo. Buku la galimoto likakhala m'Chijapanizi musadandaule, manambala amenewa amalembedwa chimodzimodzi padziko lonse. Musalole wina kupinda tizitsulo kapena kudula pulagi kuti babu lolakwika lilowe mokakamiza.

Chachiwiri, musakopeke ndi mawati ambiri. M'mashopu mumapezeka ma H4 olembedwa 100/90. Amawaladi, koma mawaya, switchi ndi pulagi za galimoto yaing'ono anazipangira 60/55. Zotsatira zake ndi pulagi yosungunuka, fyuzi yopsa pakati pa ulendo, ndi mbale yonyezimira ija kuyamba kuda chifukwa cha kutentha. Ngati mukufuna kuwala koonjezera, makampani ngati Osram ndi Philips ali ndi ma halogen a mawati omwewo koma oponya kuwala patali. Dziwani chabe kuti amenewa sakhalitsa ngati wamba. Ndipo poti zachinyengo zilipo, yang'anani chilembo cha E chokhala m'kabwalo patsinde la babu, komanso ngati zolemba pabokosi ndi zooneka bwino.

Chachitatu, mtundu wa kuwala uli ndi ntchito. Halogen imawala mofiirira pang'ono, pafupifupi 3200K, pomwe ma LED ambiri amalembedwa 6000K kapena kuposa. Kuyera kumeneku kumakongola pa chithunzi cha pa WhatsApp, koma ine m'chifunga ndi m'fumbi la misewu ya ku Dowa kunanditopetsa maso. Ndipo babu lililonse limene muli nalo, m'chifunga musayatse fulu. Timadontho ta madzi timabweza kuwalako. Khalani pa dimu, yatsani ma fog light ngati alipo, ndipo chepetsani liwiro.

Sindikunena kuti LED ndi yoipa. Galimoto zimene zinabwera ndi LED kuchokera ku fakitale zimaona bwino kwambiri, chifukwa nyali yonse anaipangira zimenezo. Vuto ndi kulowetsa LED m'nyumba ya halogen popanda kuyesa kumene kuwala kukugwera.

Madala aja anandionetsanso zina zimene ambiri timaiwala. Galasi la babu la halogen siligwiridwa ndi zala, chifukwa mafuta a pakhungu amachititsa kuti litenthe mosagwirizana n'kupsa msanga. Gwirani patsinde kapena ndi kansalu koyera. Sinthani onse awiri nthawi imodzi, popeza limodzi likafa linzake limakhala latopa kale. Bwezerani kalabala kotseka kumbuyo kwa nyali, apo ayi fumbi ndi madzi zilowa. Ngati mababu akupsa pafupipafupi, yezetsani alitaneta: injini ikamalira, batire izionetsa pafupifupi mavoti 14, ndipo ikapitirira kwambiri imapha mababu. Komanso ngati pulasitiki ya kutsogolo kwa nyali yachita chikasu, ipukutitseni kaye. Mwina vuto lanu si babu konse.

Pomaliza anaimika galimoto pamalo osalala moyang'ana khoma, n'kuyatsa dimu. Ndi ma H4 atsopano a 60/55, pakhomapo panaoneka mzere woongoka, pansi powala, pamwamba mdima, ndipo mbali ya kumanzere unakwera pang'ono. "Mwaona? Kumanzereko n'komwe kumayenda anthu apansi ndi akabaza. Kumanja akusiyirani mnzanu wobwerayo maso ake." Anapotoza tizomangira ta kumbuyo kwa nyali mpaka mbali zonse zinafanana. Anandikumbutsanso kuti Probox ikadzaza matumba a soya kumbuyo, mphuno imadzuka, ndiye ngakhale dimu imathobwa anthu m'maso.

Mwezi watha ndinadutsanso njira yomweyo usiku, kuchokera ku Ntchisi kudzera ku Dzaleka. Magetsi anga ndi achikasu ngati kale, ndipo anzanga ayambiranso kundiseka. Koma ndinaona munthu wa njinga yopanda nyali adakali patali, ndinaona mbuzi ziwiri zitagona pamphepete, ndipo palibe dalaivala amene anandithwanimitsira. Amayi anali pampando wakutsogolo. Tisanafike pa Lumbadzi anali atagona.