Kusiyana kwa b wamng'ono ndi B wamkulu kumadya bando yanu

Basi yocokera ku Kafue ikacedwa pa toll gate ya Shimabala, mitu yonse imaweramira pa mafoni. Dandaulo limene ndimamva kawirikawiri m'menemo n'lakuti bando ya dzulo yasila kale, ati netiweki ikuba. Musanakwiye, onani kaye masamu aya.

Liwiro la intaneti amalilemba mu Mbps, ndi b wamng'ono, kutanthauza ma bit. Bando amagulitsa mu MB kapena GB, ndi B wamkulu, kutanthauza ma byte. Byte imodzi ndi ma bit 8. Conco gawani ndi 8: liwiro la 8 Mbps limadya 1 MB pa sekondi iliyonse, 40 Mbps imadya 5 MB.

Manje 1 GB ndi ma MB pafupifupi 1,000. Mukamacita download filimu pa 8 Mbps, imatha m'mphindi 17. Pa 40 Mbps, mphindi 4 sizikwana, basi isanafike n'komwe ku Chilanga.

Cinanso, netiweki ikathamanga YouTube imadzisankhira yokha cithunzi cowala kwambiri, cimene cimadya ma MB ambiri. Lowani mu settings, tsitsani vidiyo ifike pa 360p, ndipo zimitsani autoplay. Ndalama yotsalayo ndi ya kondakitala mawa.